AI ndi sipuling'i ya mu labu: pomwe imathandiza ndi pomwe imanama

Mu Okutobala 2024 mphotho ya Nobel ya Physics inapita kwa anthu awiri, John Hopfield ndi Geoffrey Hinton. Iwowa sanatulukire nyenyezi yatsopano ayi. Ntchito yawo inali yoyala maziko oti kompyuta iziphunzira kuchokera ku zitsanzo, ndipo pa maziko amenewo ndi pomwe pakhazikika zinthu monga ChatGPT. Koma tamvani izi: Hinton yemweyo anasiya ntchito ku kampani ya Google mu 2023 kuti azilankhula momasuka za kuopsa kwa chinthu chomwe iye mwini anathandiza kupanga.

Ndiye AI ndi yabwino kapena yoipa? Funso limeneli mumandifunsa kawirikawiri, makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4. Yankho langa ndi lakuti ubwino wake ndi kuipa kwake zimachokera pa muzu umodzi, ndipo muzuwo munaukhudza kale ndi manja anu tsiku lomwe tinapachika sipuling'i mu labu.

Kodi makina amaphunzira bwanji?

AI ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti artificial intelligence, kutanthauza nzeru zochita kupanga. Dzinali si lalero. Linatchuka pa msonkhano wa akatswiri ku Dartmouth College, ku America, mu 1956. Chomwe chasintha masiku ano n'chakuti makompyuta ali ndi mphamvu zambiri, komanso pa intaneti pali zolemba ndi zithunzi zosawerengeka zoti aphunzirirepo.

Takumbukirani phunziro la Hooke's law. Mumapachika 100 g pa sipuling'i, imatamuka 2 cm. Mukaika 200 g, 4 cm. Mukaika 300 g, 6 cm. Mumaika madontho pa galafu n'kujambula mzere wodutsa pakati pawo. Tsopano ndikakufunsani kuti 250 g itamula bwanji, mumayankha msanga kuti 5 cm, chonsecho 250 g simunaipachike n'komwe. Mwaphunzira kuchokera ku zitsanzo, ndipo mwalosera chinthu chomwe simunachione.

AI imachita zomwezo basi. Kusiyana kwake ndi kukula. Mzere wanu uja umafotokozedwa ndi manambala awiri okha, gradient ndi intercept. Pulogalamu ya GPT-3, yomwe inatuluka mu 2020, inali ndi manambala otere 175 biliyoni. Pophunzira, kompyuta imaonetsedwa chitsanzo, imaponya yankho, imayeza kuti yaphonya motani, kenako imasuntha manambala aja pang'ono kuti ulendo wina isaphonye kwambiri. Imabwereza zimenezi kambirimbiri mpaka mayankho ayambe kugwirizana ndi zitsanzo. Mukaionetsa zithunzi zochuluka za masamba a chinangwa, ena abwino ena odwala, imafika posiyanitsa tsamba lomwe sinalionepo. Mukaipatsa zolemba zochuluka, imafika polosera liwu lomwe likuyenera kutsatira mawu omwe alipo kale. ChatGPT, yomwe kampani ya OpenAI inatulutsa pa 30 Novembala 2022, ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo: kulosera liwu lotsatira, kenako lina, kenako lina, mpaka ndime yatha.

Tsopano funso lofunika. Nanga titapachika 5 kg pa sipuling'i ija? Mzere wanu ukuti itamuka 100 cm. Koma zoona zake mukuzidziwa: sipuling'i ipyola elastic limit, iwongoka ngati waya, osabwereranso. Mzere sunakuchenjezeni. Wakupatsani 100 cm molimba mtima ngati mmene unakupatsirani 5 cm. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa phunziro lonse la lero lagona apa: AI imathandiza kwambiri funso likakhala lofanana ndi zitsanzo zomwe inaphunzira, imaphonya funso likatuluka kunja kwa zitsanzozo, ndipo nthawi zambiri siyikuuzani kuti yatuluka.

Pomwe mzere umagwira bwino ntchito

Tiyambe ndi chipatala. TB ikadali matenda aakulu kuno kwathu, ndipo njira imodzi yoifufuzira ndi kujambula chifuwa ndi X-ray. Vuto n'lakuti madokotala odziwa kuwerenga zithunzizi alipo ochepa kwambiri m'Malawi muno. Pali mapulogalamu omwe anaphunzitsidwa ndi zithunzi zambiri za mapapo, ndipo amatha kuona chithunzi n'kupereka nambala yosonyeza kuti munthuyu akukayikitsa motani. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza mapulogalamu otere pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Imodzi mwa iwo, CAD4TB, inayesedwa ku Blantyre pa kafukufuku wa akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome. Taonani chifukwa chake zimatheka: funso ndi limodzi, zithunzi zimafanana kajambulidwe, ndipo munthu yemwe kompyuta yamukayikira amakayezedwabe makhololo. Kompyuta imangosankha woti ayambe kuonedwa, siyipereka mankhwala.

Kumunda nako. Mbozi ya ntchemberezandonda inafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Alimi ambiri sankaidziwa poyamba. Pulogalamu ya pa foni yotchedwa Nuru, ya gulu la PlantVillage la ku Penn State University, imazindikira kuwonongeka kwa chimanga ndi mboziyi komanso matenda a chinangwa, mlimi akangolozetsa kamera pa tsamba. Palinso Ulangizi, chatbot ya pa WhatsApp yomwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa m'Malawi muno mu 2024. Mlimi amatha kulemba funso, kulankhula, kapena kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala, ndipo yankho limabwera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Omwe anaipanga anaimangirira ku buku la ulimi la unduna wa zamalimidwe, kuti isamangotola mayankho paliponse. M'dziko lomwe mlangizi mmodzi amayang'anira alimi oposa 1,000, chinthu chotere si chaching'ono. Mayi wolima nandolo ku Nambazo sangadikire milungu itatu kuti alangizi afike pomwe nsabwe zikudya maluwa lero.

Chachitatu ndi nyengo. Kulosera nyengo kwa masiku onse kumadalira Physics yeniyeni: makompyuta akuluakulu amawerengetsa mmene mpweya, kutentha ndi chinyezi ziyendere, ndipo amatenga maola. Mu 2023 kampani ya Google DeepMind inaonetsa pulogalamu ya GraphCast, yomwe inaphunzira pa mbiri ya nyengo ya zaka pafupifupi 40. Imalosera nyengo ya masiku khumi m'nthawi yosakwana mphindi imodzi, ndipo pa miyeso yambiri inaposa njira yakale. Kwa ife okhala patsinde pa Mulanje ndi Michesi, chenjezo lobwera tsiku limodzi msanga ndi kusiyana kwa kusamuka masana ndi kuthawa usiku mwana ali kumsana.

Kupyola elastic limit

Nkhani ya nyengo yomweyi ikutisonyezanso malire. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Akuluakulu amati kunadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa zomwezo, madera monga Nkhulambe anasakazika, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri.

Taganizirani bwino. Chinthu choposa zonse zolembedwa m'mbiri ndi 5 kg ija. Pulogalamu yophunzira pa zakale ili ndi zitsanzo zambiri za mvula ya masiku onse, koma za mvula ngati ya Freddy ili nazo zowerengeka. N'chifukwa chake akatswiri amachenjeza kuti mapulogalamu otere angathe kuchepetsa mphamvu ya zochitika zoopsa kwambiri. Komanso GraphCast imagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 28 mbali iliyonse. Mudzi wa patsinde pa phiri ndi mudzi wa kuchigwa angathe kugwera m'kabokosi kamodzi, pomwe inu mukudziwa kuti phiri limakankhira mpweya wachinyezi m'mwamba, mpweyawo n'kuzizira, mvula n'kukhuthukira mbali imodzi. Onjezani kuti mu Africa zipangizo zoyezera nyengo n'zochepa kuyerekeza ndi ku Ulaya, ndiye kuti madontho a kwathu pa galafu ndi ochepa. Choncho chenjezo la nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo likamveka pa wailesi, kapena a komiti yoona za ngozi m'mudzi akaliza wezulo, musayambe mwatsegula foni kuti mufunse chatbot. Nyamukani.

Vuto la zitsanzo zoperewera limakhudzanso anthu. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu omwe ankayang'ana nkhope n'kunena ngati ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera khungu kulakwitsa sikunapyole 1 peresenti. Pa akazi akuda kunafika pafupifupi 35 peresenti. Kompyuta sinabadwe ndi tsankho, koma zithunzi zomwe inaphunzirira zinali zambiri za anthu a mtundu umodzi. Tangoganizani pulogalamu yotere ikugwiritsidwa ntchito posankha wolandira ngongole kapena pofufuza wakuba.

Chilankhulo chimodzimodzi. Zolemba zambiri pa intaneti zili m'Chingerezi. Za Chichewa zilipo zochepa, ngakhale kuti Google Translate inaika Chichewa mu 2014. Za Chilhomwe, chomwe agogo ambiri kuno amalankhula, ndiye zochepetsetsa. Ndiye chatbot imayankha bwino m'Chingerezi, imatsimphina m'Chichewa, ndipo m'Chilhomwe ingathe kungopeka mawu omveka ngati Chilhomwe.

Kupeka kumeneku n'koopsa chifukwa kumabwera kovala bwino. Mu 2023 maloya ku New York anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale yomwe ChatGPT inawapatsa. Milanduyo inali ndi mayina ndi manambala ooneka enieni, koma sinachitikepo. Woweruza anawalipiritsa 5,000 dollars. Awa ndi anthu ophunzira kwambiri, eti? Anagwa chifukwa chatbot ntchito yake ndi kupanga chiganizo chomveka bwino, osati kutsimikiza kuti n'choona. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mukaifunsa mtengo wa nandolo pa msika wa Migowi lero, ingathe kukupatsani nambala, koma pa sikelo ya mavenda sinafikepo.

Makina akagwera m'manja mwa wakuba

Zoopsa zina sizichokera ku kulakwitsa kwa AI, koma ku kukhoza kwake. Masiku ano pulogalamu imatha kumvetsera mawu a munthu kwa kanthawi kochepa n'kuyamba kulankhula ngati iyeyo. Imathanso kupanga kanema wa munthu akunena zomwe sananene. Zimenezi amazitcha deepfake. Mu 2024 wogwira ntchito pa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama zokwana 25 miliyoni dollars kwa akuba, atachita msonkhano wa pa kanema ndi anthu omwe ankaoneka komanso kumveka ngati mabwana ake. Onsewo anali opeka.

Kuno tinazolowera kale mauthenga aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ambiri timawazindikira. Koma bwanji foni ikalira, mawu ake n'kukhala a achimwene anu omwe ali ku Joni, akuti agwidwa ndipo pakufunika ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba pompano? Kambiranani ndi makolo anu zimenezi zisanachitike. Lamulo likhale lakuti: dulani foni, imbani nokha pa nambala yomwe mumaidziwa, ndipo funsani funso lomwe wapabanja yekha angayankhe, monga dzina la galu wa agogo.

Atsikana, ndi inu anyamata mumve bwino apa. Chithunzi wamba cha pa Facebook chingathe kusinthidwa kuti munthu aoneke wosavala. Wopanga chithunzi chotere ndi wochitumiza kwa ena onse akuwononga moyo wa mnzawo, ndipo si nthabwala za pa gulu la WhatsApp. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza anthu kudzera pa intaneti komanso zithunzi zolaula za ana. Zikakuchitikirani, wolakwa si inu. Musafufute umboni, uzani kholo kapena mphunzitsi yemwe mumamukhulupirira, ndipo nkhaniyo ikafike ku polisi. Palinso lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Komabe lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale. Musalembe mu chatbot nambala ya chitupa chanu, PIN, kapena matenda a munthu wina ndi dzina lake.

Magetsi ndi ntchito

AI siyikhala m'mitambo ayi. Imakhala m'nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zotchedwa data centre, ndipo zimadya magetsi. Bungwe la International Energy Agency linawerengetsa kuti mu 2024 nyumba zimenezi padziko lonse zinagwiritsa ntchito pafupifupi 415 TWh, yomwe ndi pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko. Si onse omwe anapita ku AI, koma gawo la AI ndi lomwe likukula msanga. Yerekezani ndi ubongo wanu, womwe umayenda ndi mphamvu ya pafupifupi 20 W basi, yochokera ku nsima ndi thelere. Kumbukiraninso kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lathu linataya pafupifupi 130 MW ndipo magetsi ankazimazima kwa nthawi yoposa chaka. Dziko lopanda magetsi okwanira limakhala logula AI ya eni ake, pa mtengo ndi malamulo a eni akewo.

Nanga ntchito? Zomwe zili pa chiopsezo kwambiri ndi zobwerezabwereza za pa kompyuta: kutayipa, kumasulira zikalata zosavuta, kuyankha mafunso omwewomwewo a makasitomala. Ntchito zatsopano zikubwera, koma si zonse zokoma. Mu 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Kenya omwe ankawerenga ndi kuika zizindikiro pa zolemba zonyansa, kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa, ankalandira ndalama zosakwana 2 dollars pa ola. Koma khomo lina lilipo. Ku MUBAS ku Blantyre kuli Kuyesera AI Lab, ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za makompyuta ndipo amagwira ntchito ndi African Drone and Data Academy yomwe UNICEF inayambitsa mu 2020, komanso pali gulu la Masakhane la anthu a mu Africa omwe akuphunzitsa makompyuta zilankhulo zathu. Madontho omwe akusowa pa galafu ija, a Chichewa, a Chilhomwe, a mvula ya ku Chiringa, a matenda a mpendadzuwa, adzawaika ndi anthu odziwa masamu komanso odziwa kuno. Ameneyo angakhale mmodzi wa inu.

Inuyo ndi homuweki

Ndikudziwa kuti ena mumabwereka foni kunyumba n'kufunsa chatbot mafunso omwe ndakupatsani. Sindikuletsani kuigwiritsa ntchito, koma pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera yankho. Mupeza mamalikesi lero, koma m'chipinda cha mayeso a MANEB foni siyilowa, ndipo ubongo womwe sunanyamulepo katundu sudzayamba tsiku limenelo. Yachiwiri ndi kuyamba mwayesa nokha, kenako n'kuiuza kuti ikufotokozereni sitepe yomwe yakuvutani, kapena ikupatseni mafunso ena asanu ofanana nalo. Njira yachiwiriyi ndi ngati kukhala ndi mnzanu wodziwa zambiri yemwe satopa kufunsidwa, koma yemwe nthawi zina amanama osaphethira.

Musanakhulupirire yankho lililonse, dzifunseni mafunso atatu. Kodi funso langa ndi la mtundu womwe unalembedwa kwambiri, monga malamulo a Newton, kapena ndi la kuno kwathu komanso la lero? Kodi ndingalitsimikize kuti, m'buku, kwa aphunzitsi, kwa alangizi, kapena kuchipatala? Ndipo likakhala lolakwika, avulale ndani? Yankho lolakwika la tanthauzo la velocity likutayitsani malikesi awiri. Yankho lolakwika la mlingo wa mankhwala opopera thonje kapena a mwana wodwala malungo lingathe kutayitsa moyo. Kuopsa kukakula, kutsimikiza kukulenso.

Ntchito yoti muchite

1. Sandutsani 415 TWh kukhala MWh, kenako gawani ndi maola 8,760 a pa chaka kuti mupeze mphamvu ya pakatikati mu MW. Pangafunike malo angati opangira magetsi a 130 MW ngati Kapichira? Ngati yankho lanu silili pakati pa 350 ndi 380, onaninso ma zero anu.

2. Pa gulu la anthu anayi, lembani mafunso khumi omwe mayankho ake mukuwadziwa bwino: asanu a m'buku la Physics, asanu a za Phalombe, monga mitsinje, misika ndi mafumu a dera lanu. Funsani chatbot m'Chingerezi, kenako m'Chichewa, ndipo ngati pali wodziwa Chilhomwe, yesaninso. Lembani tebulo la zokhoza ndi zolakwa. Onetsetsaninso kuti pa mayankho olakwikawo, ndi kangati pomwe inavomera kuti siyikudziwa.

3. Funsani munthu wachikulire m'mudzi mwanu zizindikiro zomwe amaonera kuti madzi akubwera kuchokera kuphiri. Zilembeni m'chilankhulo chomwe wakuuzirani, ndi dzina la mtsinje wake. Bweretsani Lolemba, tidzaziike pamodzi ndi zotsatira za funso lachiwiri.